Chitsitsimutso cha masiku atatu kapena kulimbitsa milaga? Ndithandizeni sesheni isanakumane

Aphiri a ku Mponela analemba:

Moni nonse. Ndikufuna maganizo a anthu akutali, chifukwa kuno aliyense watenga kale mbali ndipo ndikayamba kulankhula amadziwiratu komwe ndikulowera.

Ndine mkulu wa mpingo kuno ku Mponela, ndipo ndine ndimasunga chuma. Dzina la mpingo ndisiye. Kumapeto kwa mwezi uno sesheni, bwalo la akulu a mpingo, ikumana, ndipo nkhani yaikulu ndi pempho la achinyamata athu. Akufuna kuti mu Okotobala tichite chitsitsimutso cha masiku atatu pa bwalo la mpira. Alemba zonse bwinobwino: mlaliki wochokera ku Lilongwe, makwaya a mipingo yoyandikana nafe, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake, matenti, chakudya cha alendo. Ndawerengera, ndalamayo ikudya pafupifupi zonse zomwe tinapeza pa masika chaka chino.

Chitsitsimutso chotere tinachitapo zaka zingapo zapitazo, ndipo chinali chokoma, sindinganame. Usiku womaliza mlaliki ataitana anthu kutsogolo, bwalo linasefukira. Ndinaona azibambo omwe timawadziwa kuti sachoka pa kachasu akulira ngati ana. Mayina analembedwa m'kope. Koma komiti yomwe inakonza msonkhanowo inatha ntchito tsiku lomwe tinabweza matenti, ndipo kope lija linangosungidwa. Lero mukandifunsa kuti mwa anthu aja amene analowa kalasi mpaka kubatizidwa ndi angati, zala za dzanja limodzi zikwana.

Pamene izi zili chonchi, milaga yathu, magulu a akhristu a m'dera limodzi, ikufa tikuona. Mapemphero a pakati pa sabata m'milaga ina mumapeza agogo atatu ndi mdzukulu wowagwira dzanja. Mphunzitsi wa kalasi amayenda wapansi kupita ku nyumba zamapemphero zakutali chifukwa njinga ya mpingo inatha kalekale. Nyumba imodzi yamapemphero yakhala yopanda denga dzinja lachiwiri tsopano. Zimenezi palibe amene amaziimbira m'manja, n'chifukwa chake ndalama yake imavuta kutuluka.

Chomwe chikundipangitsa kuuma mutu kwambiri ndi zomwe ndaona ku ndale. Ndili ndi kagolosale m'mbali mwa msewu wa M1, ndiye nthawi ya kampeni malole onse onyamula anthu amadutsa pamaso panga. Pali amayi ena omwe ndinawaona atavala nsalu ya chipani china Loweruka, sabata yotsatira avala ya china, akuimba ndi mphamvu yomweyo. Sindiwanena, nsalu ndi nsalu, ndipo umphawi ulibe chipani. Koma wandale amene waima pa nsanja amaona nyanja ya anthu n'kukhulupirira kuti onsewo ndi ake.

Chitsanzo chomwe chimandipweteka mtima ndi cha malemu Saulos Chilima, chifukwa munthuyo ndinkamukonda. Mukukumbukira mu Julaye 2018 pokhazikitsa UTM pa bwalo la Masintha ku Lilongwe? Ambiri tinkati zisankho zatha kale. Kulikonse komwe ankapita achinyamata ankadzaza. Pofika pa 21 Meyi 2019 anapeza mavoti oposa 1 miliyoni, pafupifupi 20 peresenti, zomwe sizochepa kwa chipani chomwe chinali chisanathe chaka. Koma aphungu anapeza 4 okha mwa mipando 193. Atatisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa mu Juni 2024, dziko lonse linalira, anthu anandanda m'misewu mpaka ku Nsipe, achinyamata akulumbira kuti masomphenya ake sadzafa. Mu Seputembala 2025 woimira chipanicho anapeza pafupifupi 4 peresenti. Misozi ija sinali yabodza. Mawu omwe mwiniwake ankakonda aja, osaopa, osatopa, osafooka, ambiri tinagwira loyamba lokha. Kusaopa kumatheka tsiku limodzi uli pakati pa gulu. Kusatopa kumafuna Lachiwiri lililonse uli wekha.

Ndiye funso langa ndi ili. Alipo pano amene anaonapo msonkhano waukulu, wa mpingo kapena wa ndale, womwe patapita zaka ziwiri munthu angaloze chinthu n'kunena kuti ichi chinachokera pamenepaja? Ngati alipo, chinachitika n'chiyani msonkhanowo usanachitike kapena utatha? Sindikufuna kukaimirira mu sesheni ngati nkhalamba yozimitsa moto wa ana, koma siginecha yotulutsira ndalamayo ndi yanga.

Nachisale wa ku Chilobwe anayankha:

Bambo Phiri, ndawerenga mndandanda wanu wa zofunika pa chitsitsimutso ndipo ndaseka ndekha. Jenereta, matenti, zokuzira mawu, chakudya cha alendo. Chakudyacho chidziphika chokha? Mwalemba mtengo wa ufa ndi ndiwo, koma amene adzadzuke 3 koloko m'bandakucha kukatunga madzi ndi kusonkha moto simunawalembe. Ine ndine wa Mvano kuno ku Blantyre, ndipo ndikudziwa kuti kwanu a Chigwirizano ndi omwe adzasenze zonsezi. Masiku atatu onsewo adzakhala kuseri pa mafuwa, uthenga akuumva ndi khutu limodzi. Ndipo ndi amayi omwewo amene chaka chonse amayendera odwala, kusambitsa maliro, kugona pa siwa ndi kusesa m'tchalitchi. Musanakavote mu sesheni, kawafunseni kaye. Osati kuwauza, kuwafunsa.

Za gulu lobwera n'kupita ife a ku Chilobwe tinaziona ndi maso mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche. Masabata oyamba aja magalimoto ankapanikizana. Andale, makampani, mipingo ya m'tauni, aliyense ndi matumba a ufa ndi womujambula wake. Tinathokoza, chifukwa anthu analibe ngakhale supuni. Koma misasa ya m'masukulu itatsekedwa kuti ana ayambenso kuphunzira, magalimoto aja anasowa. Panatsala mayi yemwe ana ake sanapezeke mpaka lero, amene mvula ikangoyamba kuwaza amanjenjemera thupi lonse. Ameneyo safuna ufa wokha. Amafuna munthu wobwera Lachinayi lililonse kudzakhala naye pa mkeka, ngakhale osanena kanthu. Omwe anachita zimenezi ndi amayi omwe ankadziwa kale khomo lake namondwe asanabwere.

Komabe musaganize kuti ndili mbali yanu kwathunthu. Ife timakhala ndi misonkhano yathu ikuluikulu ya amayi, timagona pansi m'makalasi, timaimba mpaka mawu kusasa. Ndikabwerako ndimakhala ndi mphamvu ya miyezi ingapo. Munthu amene ntchito yake ndi maliro sabata ndi sabata amafunika tsiku loti aone kuti sali yekha, kuti ovala yunifolomu ngati yake alipo mazanamazana. Kusiyana kwake n'koti ife timapita ku msonkhano tikuchokera ku ntchito ndipo tikabwerera ku ntchito yomweyo. Bambo wanu wa kachasu uja analira Loweruka, Lamulungu anabwera kutchalitchi atavala jekete lobwereka, anthu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Lolemba anzake a ku mowa anamufunafuna. A mpingo munamufuna liti?

Monitala wa ku Liwonde anayankha:

Akulu, mbali ya mpingo ndisiyira eni ake, ine ndiyankhe za ndale chifukwa ndinali mkati. Mu 2019 ndinali monitala wa chipani china, dzina lake likhale.

Poyamba anthu adziwe momwe gulu la pa msonkhano limapangidwira. Bwana akamabwera, ndalama imatsika kuchokera kumtunda kupita kwa gavanala wa boma, kwa gavanala wa dera, mpaka kwa apampando a m'maeliya ndi m'mabulanchi, ndipo pa sitepe iliyonse imachepako. Pamakhala ya malole, ya magulu ovina, ya mafumu, ya anyamata okweza mbendera. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti, koma amene munapitako ku misonkhano mukudziwa nokha. Onjezerani ana asukulu omwe savota, ogulitsa mandasi ndi ofuna kungoona oimba. Gulu lija ndi lenileni, koma si voti.

Tsiku lovota ndi lomwe umadziwa chipani chenicheni. Malo ovotera anali oposa 5,000 dziko lonse, ndipo paliponse pamafunika anthu odziwa kuwerenga manambala, oti akhale kuyambira m'mamawa mpaka usiku, aone kuwerenga konse, asayine, atenge pepala la zotsatira n'kulisunga. Ife chakudya chomwe tinalonjezedwa sichinafike. Anzanga ena dzuwa litalowa anangoti tikubwera, osabweranso. Anyamata omwe ankakuwa kwambiri pa msonkhano, okwera pamwamba pa malole aja, panalibe ndi mmodzi yemwe.

Tsono kumbukirani momwe zisankho zija zinagwetsedwera. Mlandu unayamba mu Ogasiti 2019, unkaulutsidwa pa wailesi, tinkamvera m'maminibasi ndi m'magolosale miyezi yonse ija. Zomwe maloya ankakangana sizinali kukula kwa misonkhano. Anali mapepala: ili lafufutidwa ndi tipeksi, ili ndi dupuliketi, ili silinasayinidwe. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu aja, motsogozedwa ndi a Healey Potani, anawerenga chigamulo tsiku lonse n'kuthetsa zotsatira za pulezidenti. Mapepala omwe anafika m'khothi anasungidwa ndi anthu omwe anapirira njala usiku uja.

Koma apa ndi pomwe ndikusiyana nanu, a Phiri. Mukachotsa zionetsero za HRDC, bungwe la omenyera ufulu wa anthu, pa nkhaniyi mwanama. Anthu anayenda m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu, Blantyre, Karonga, mobwerezabwereza kwa miyezi, ndipo zimenezi zinapangitsa kuti nkhaniyo isakwiriridwe. Yerekezani ndi 20 Julaye 2011. Mkwiyo unali waukulu, mafuta kulibe, ndalama zakunja kulibe, anthu 20 anafa. Koma mchezo womwe unakonzedwa pa 17 Ogasiti unaimitsidwa, nkhani inalowa m'zipinda za zokambirana, ndipo anthu wamba anabwerera ku mizere ya mafuta mpaka Bingu atamwalira mu Epulo 2012. Ndiye si kuti msewu ndi wopanda ntchito. Mu 2019 msewu unkabwerezedwa ndipo unali ndi mlandu m'khothi woyenda nawo limodzi.

Chomwe chinalephereka chinabwera pambuyo pa 23 Juni 2020. Mgwirizano wa Tonse utawina, aliyense anapita kwawo kukadikira kudya katatu. Ena mwa otsogolera zionetsero analowa m'boma, a Timothy Mtambo anakhala nduna. Palibe amene anatsala m'midzi kumafunsa kuti ndalama ya chitukuko cha dera yagwira ntchito yanji. Mkwiyo unangosungidwa m'mitima mpaka 16 Seputembala 2025, n'kutulukira mu bokosi.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe mpingo umaposa zipani. Inu muli ndi chopereka, muli ndi buku la mayina. Zipani zathu zambiri zilibe membala amene amasonkha. Makolo athu akamva za khadi la chipani amakumbukira nthawi ya Kamuzu, a Youth League ataima pa chipata cha msika kapena pokwerera basi, wopanda khadi osadutsa. Titalowa m'zipani zambiri tinataya khadi limodzi ndi nkhanza zake. Zotsatira zake chipani chimadalira thumba la munthu mmodzi kapena awiri, ndipo membala amayembekezera kulandira, osati kupereka. Munthu amene sanaikepo ngakhale K500 sangafunse kuti mapulaimale anayenda bwanji.

A Gondwe a ku Mzuzu anayankha:

Ndine mphunzitsi wopuma, ndinkaphunzitsa mbiri ku sekondale. Mundikhululukire Chichewa changa cha kumpoto. Mkangano wanuwu, a Phiri, ndi wakale kuposa tonse pano.

Amishoni a Livingstonia anali anthu a ndondomeko. Kuti munthu abatizidwe ankayamba wakhala womvera, kenako kalasi, zaka zikupita, mayeso pamwamba pa mayeso. Anthu ambiri ku Utonga anadikira mpaka kutopa. Kumapeto kwa 1908 Elliot Kamwana, yemwe anaphunzira m'masukulu a mishoni yomweyo, anabwerera kwawo kuchokera ku South Africa komwe anakumana ndi Joseph Booth, atanyamula chiphunzitso cha Watch Tower. Anayamba kubatiza m'dera la Nkhata Bay popanda kudikiritsa munthu. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Boma la atsamunda linachita mantha ndipo mu 1909 linamuchotsa m'dziko. Analoledwa kubwerera mu 1937.

Mungathe kuwerenga nkhaniyi mokomera inu: gulu lija linabwera mofulumira, ndipo mtsogoleri atachotsedwa, komanso 1914 yomwe ankalosera kuti ufumu wa Mulungu udzafika itadutsa, ambiri anamwazikana. Koma funsani kuti anthu 10,000 anachokera kuti. Anali anthu omwe anaphunzira kale m'masukulu a m'midzi, ankadziwa kale nyimbo ndi malemba, ataima pakhomo lomwe akulu a mpingo ankalitsegula pang'onopang'ono. Kamwana anakolola m'munda wolimidwa ndi ena, ndipo anatha kutero chifukwa eni munda anachedwa.

Amishoniwo nawonso sankadana ndi misonkhano ikuluikulu. Donald Fraser anayambitsa misonkhano ya masiku angapo ku Ekwendeni mu 1898, ndipo anapitiriza ku Loudon, komwe lero timati Embangweni. Angoni zikwizikwi ankabwera, kugona m'misasa, kuimba nyimbo za maimbidwe awoawo. Anzake ena a Fraser ankadandaula kuti kutengeka kwachuluka. Koma misonkhano ija inali ya ubatizo ndi mgonero. Obatizidwa anali ataphunzitsidwa kale ndi aphunzitsi a m'midzi, ndipo pobwerera ankabwerera kwa aphunzitsi omwewo.

Chitsanzo china n'chaposachedwa, ambiri tinalipo. Chomwe chinagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi sichinali msonkhano wa pa bwalo, pakuti nthawi imeneyo amene ankadzaza mabwalo anali Kamuzu yekha ndi mbumba yake. Inali kalata ya maepiskopi a Katolika yowerengedwa pa 8 Malichi 1992. Inasindikizidwa ku Balaka, n'kufika m'maparishi dziko lonse mwakachetechete, n'kuwerengedwa Lamulungu limodzi. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa, nyumba yosindikizira ija inatenthedwa, koma mawu anali atafika kale. Njira yomwe kalata inadutsa inamangidwa zaka zambiri m'mbuyo. M'zaka za m'ma 1970 Episkopi Patrick Kalilombe wa Lilongwe anayambitsa sinodi yaing'ono yomwe inalimbikitsa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana topemphera ndi kukambirana pamodzi, pa mfundo yoti mpingo ndife tonse. Boma la nthawi imeneyo silinakondwe nazo, chifukwa anthu okumana sabata iliyonse popanda wapampando wa chipani ndi oopsa kuposa gulu la tsiku limodzi. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 peresenti anavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Mwa anthu omwe m'mbuyomo ankavina pa misonkhano ya Ngwazi, ambiri anali pa mzere womwewo.

Ndiye yankho langa pa funso lanu ndi loti inde, misonkhano yosiya chinthu inalipo. Yonse yomwe ndikuidziwa inali ndi anthu ogwira ntchito yosaoneka isanachitike. Milaga yanu ikafa, chitsitsimutso chidzakhala moto wa mapesi. Koma samalani kuti musakhale ngati akulu a mishoni ochedwetsa ubatizo aja.

Mnyamata wa ku Joni anayankha:

Madala, ndi ulemu wonse, ndiloleni ndiyankhulire anyamata anuwo chifukwa pano palibe.

Ine ndine mmodzi wa anthu olira kutsogolo aja. Zinachitika pa mapemphero a usiku wonse ku Lilongwe, ndili wosuta chamba, mayi anga atanditaya kale mumtima. Ndinapita chifukwa cha gitala ndi atsikana, ndisakunamizeni. Koma usiku umenewo china chake chinathyoka mwa ine, ndipo mpaka lero sindinagwirenso. Ndinakulira mu mpingo wa milaga ngati wanuwo. Zaka zonse zomwe ndinkasochera palibe mkulu wa mlaga anafika pakhomo pathu kudzandifuna ine. Ankabwera kudzatenga chopereka cha mayi. Ndiye mukamati misozi ya usiku umodzi siipindula, ena tili moyo chifukwa cha usiku umodzi.

Komanso mufunse chifukwa chomwe achinyamata sabwerera ku mlaga. Mnyamata akafika, ntchito yake ndi kunyamula mabenchi ndi kukhala kumbuyo. Wotsegula ndi pemphero ndi mkulu, wowerenga ndi mkulu, wolalikira ndi mkulu, nyimbo ndi zomwezija zoimbidwa mokoka. Akafunsa funso amauzidwa kuti malamulo a mpingo salola. Mukufuna kudzipereka kwathu koma makiyi mwaika m'thumba. Ku ndale n'chimodzimodzi: achinyamata timafunika podzipaka penti ndi kukuwa, koma pa mndandanda wa ofuna uphungu pali madala omwe aja.

Taonani bwino pepala lomwe akupatsanilo. Mwanena nokha kuti alemba zonse bwinobwino. Kuti bajeti ija ituluke anakumana kangati? Anapita kukafunsa mitengo ya matenti ndi ndalama ya ndani? Kumeneko ndiye kudzipereka komwe mukuti kulibe. Mukakana zonse, komiti imeneyo ndi yomwe idzafe, ndipo ena a iwo muwapeza ku matchalitchi a m'makalasi aja Lamulungu lotsatira.

Kuno ku Johannesburg timapemphera mu holo ya lendi. Aneneri otchuka akabwera anthu amadzaza masitediyamu, ine ndinapitako. Koma chomwe chagwira gulu lathu ndi chinthu chosasangalatsa n'komwe: thumba la maliro. Mwezi uliwonse aliyense amaponya kangachepe, mlembi amaika mayina pa WhatsApp, yemwe sanapereke aliyense amamuona. M'bale wathu akamwalira, thupi limakwera galimoto kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza mpaka kumudzi. Amene amayendetsa thumbali ndi anyamata a zaka za m'ma 20, ogwira ntchito m'magaladeni ndi m'mashopu. Palibe anawaphunzitsa kupirira. Anangopatsidwa buku n'kuuzidwa kuti ndi lanu.

Aphiri a ku Mponela anayankha:

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndinapempha.

Mwana wanga wa ku Joni, wandilasa, koma nawenso umve. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha usiku wako uja. Koma ndikufunse: m'mawa mwake unapita kuti? Ndikukhulupirira kuti panali wina amene anatenga nambala yako, anakuimbira, anakukoka Lachitatu ndi Lachisanu mpaka miyendo italimba. Mipingo ya chipentekoste yomwe ikukula imachita zimenezi mwakhama kuposa ife, ali ndi timagulu ta m'makomo tomwe sitigona. Anthu amangoona zokuzira mawu n'kuganiza kuti chinsinsi chili pamenepo. Za makiyi m'thumba sindikutsutsa. Pali akulu anzanga omwe mnyamata akangoimirira kuti alankhule amayamba kuyang'ana wotchi.

A Gondwe, nkhani ya Kamwana ndinkangoimva patali, sindinkadziwa kuti kuchedwetsa ubatizo kunali pakati pake. Kwathu kuno kalasi imatengabe nthawi, ndipo munthu wamkulu amene walapa pa chitsitsimutso timamukhazika pa benchi limodzi ndi ana a zaka 13 kuti aloweze mayankho a katekisima. Bambo wa ndevu zake sangapirire zimenezo miyezi yambiri. Mwina ena a m'kope lija anathawa benchi, osati Yesu. Ndikafunsa abusa ngati malamulo amalola kalasi ya akuluakulu payokha.

A Monitala, mfundo yanu ya khadi yandikumbutsa bambo anga, omwe ankagula makhadi awiri, lina la mwana amene anali asanabadwe, kuti mayi asavutike pa msika. Ndiye ndikumvetsa chifukwa chomwe anthu safuna kumva za kusonkhera chipani. Koma onani Yohane 6. Anthu 5,000 anadya mkate n'kufuna kumulonga ufumu, mawa lake chiphunzitso chitalimba ambiri anabwerera. Ngati zinachitikira Mwini wake, gavanala wa dera ndi ndani?

Zomwe ndikuganiza kukanena mu sesheni ndi izi. Chitsitsimutso chichitike, koma pa bwalo la tchalitchi, osati la mpira, kuti za matenti zichepe. Mlaliki mmodzi, makwaya athu omwe ndi awiri oyandikana nafe. Ndalama yotsalayo igule njinga ya mphunzitsi wa kalasi ndi malata oyambira denga lija. Ndipo komiti ya achinyamata isathe pobweza zokuzira mawu. Kuyambira mwezi wa mawa agawane milaga, aziyendetsa okha mapemphero a pakati pa sabata kamodzi pa mwezi, kulalikira komwe, kuti pofika Okotobala akhale akudziwa makomo. Aliyense wobwera kutsogolo dzina lake lipite kwa munthu wa mlaga wake usiku womwewo, osati m'kope la komiti. Ndikudziwa kuti akulu ena akana zoti mnyamata wosakwatira alalikire ku mlaga, ndipo achinyamata ena akwiya kuti ndawachotsera bwalo la mpira. Ndikhoza kutuluka m'sesheni ndili ndi adani mbali zonse ziwiri.

Mayi Nachisale, mkazi wanga ndi wa Chigwirizano. Ndamuwerengera zomwe munalemba ndipo wangoti, "Auzeni mayiwo kuti akabwera ku Mponela adzafikire kwathu."

Nachisale wa ku Chilobwe anayankha:

Apatseni moni mayi akunyumba, ndidzafika ndithu. Koma Bambo Phiri, mwaiwalabe chimodzi. Okotobala ndi mwezi woipa. Madzi m'mijigo amakhala atatsika, amayi amapanga mzere kuyambira usiku, chimanga chakwera mtengo, ndipo aliyense mutu uli pa fetereza ndi kusosa. Mukauza banja kuti lisonkhe ndowa ya ufa nthawi imeneyo lidzapereka ndi nkhope yakugwa. Bwanji osadikira Juni kapena Julaye anthu atakolola? Achinyamata anuwo akhalanso ndi miyezi yokwanira yoyenda m'milaga, muone ngati afika nayo Pasaka. Ndipo mu bajetimo muikemo nkhuni zogula ndi anyamata anayi otunga madzi pa njinga. Zoti mayi aliyense abwere ndi mtolo wake wa nkhuni zija ayi.